Chizimalupsa cha ku Tottenham

Anthu a kuno akamakumbukira chaka cha 1995 amamwetulira. Amati kunali dzuwa losaiwalika, ankagona m'mapaki atavula malaya, ndipo ayisikirimu ankatha m'mashopu dzuwa lisanapendeke. Ine akayamba zimenezo ndimanyamuka n'kukatsuka makapu, chifukwa nditati nditsegule pakamwa tingadane. Chaka chimenecho ndi chimene chimanga cha agogo anga chinatha. Chinapulumuka njala ya 49, chinapulumuka chilala cha 92, koma chinadzathera kuno ku Tottenham, kuseri kwa njanji, pa kamunda kobwereka kosafika n'kukula kwa dimba komwe.

Febuluwale

Abambo anga, a Ngozo, anatsika ndege mwezi umenewu kudzachotsedwa ng'ala m'maso. Ine ndinali namwino pa chipatala china kumpoto kwa London. Amuna anga, bambo a Tadala, ankaphunzira ku Greenwich, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankalondera nyumba ya maofesi. Tinkakhala ndi mwana wathu Tadala m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu yogulitsa nsomba zouma.

Tsiku lachiwiri ndinatenga jekete lawo kuti ndilichape, chifukwa linkanunkha utsi wa kukhitchini kwa amayi. Munthu wosaona n'khomo lomwe anadziwa bwanji, kaya.

"Nangozo! Bweretsa kuno jeketelo. Usaliviike."

M'thumba la m'kati munali sokosi imodzi yomanga kukamwa ndi luzi. Anaimasula pa tebulo pang'onopang'ono. Zinali njere za chimanga, zolimba ngati timiyala, zoyera koma mwa apo ndi apo zofiirira, zonse zothimbirira ndi mwaye. Ndinachizindikira nthawi yomweyo. Kwathu ku Bwanje tinkachitcha cha Nachisale, dzina la amayi awo a abambo, amene anatsika nacho kumapiri pokwatiwa. Ndi chimanga cha makolo chimene anankafumbwe amachilephera m'nkhokwe, ndipo mumtondo chimakonoka bwino osanyenyeka ngati cha m'mapaketi. Pamudzi ena onse anali atachisiya, chinatsala kwa abambo okha.

"Ndi chomwechi basi?" ndinafunsa.

"Ndi chomwechi."

Kwathu mvula yoyamba sitidzala nayo. Imagwa cha mu Okutobala, tsiku limodzi kapena awiri, kungozimitsa tchire lopsa, n'chifukwa chake timaitcha chizimalupsa. Ikapita dzuwa limabwerera, ndipo amene wadzala nayo amalira. Mlimi amadikira yachiwiri, yodzalira, imene imalowa pansi. Koma chaka chapitacho Okutobala anadutsa wouma gwa, ndipo kumapeto kwa Novembala, pa nthawi yeniyeni ya yodzalira, kunagwa chimvula cha mabingu. Abambo anadzala munda wonse. Dzuwa linabwerera n'kukhazikika, mmera wonse unapsa. Anadzalanso mu Disembala, unapsanso.

"Ine ndi imvi zonsezi, kudzala ndi chizimalupsa ngati mwana wa dzulo," anatero akupukusa mutu. "Inabwera itavala malaya a inzake."

Zinatsala zimanga zochepa zimene zinali zopachika kudenga pamwamba pa moto. Anazitonola n'kuthira m'sokosi muja, chifukwa kunyumba njala inali itayamba kuluma, ndipo mlongo wanga Yohane ali ndi ana. Mwana akamalira ndi njala palibe mayi amene angayang'ane mbewu kudenga n'kuisiya. Abambo sankaimba wina mlandu, anangoona kuti m'thumba mwawo ndi motetezeka.

Cholinga chinali kubwerera nayo kumudzi. Koma mwezi wonsewo ku London mvula sinakate. Kukacha mvula, kukada mvula, pa TV mitsinje itasefukira mpaka m'nyumba za anthu. Abambo ankakhala pawindo osaona kanthu, kumangomvetsera.

"Madzi onsewa akungogwera pa phula?"

"Eya, bambo."

"Koma ndiye kuwononga."

Epulo

Diso loyamba analichita bwino, ndipo munthu atayamba kuona sanafunenso kukhala m'nyumba. Ku tchalitchi kwathu kunali bambo wina wa ku Zambia, a Sakala a ku Katete, woyendetsa basi, wolankhula ngati wailesi yosathimitsa. Iwo anali ndi kamunda kobwereka ku khonsolo, timinda timene kuno amati alotimenti. Atamva kuti kwabwera mlimi ndipo akungokhala pawindo, anawapatsa theka.

"Mudala, nili na ka allotment kangogona chabe. Ine ma shift yanipaya. Bwelani mukalimeko, olo tumaungu."

Analinso ndi khasu lenileni lochokera kwawo, osati mafosholo amene azungu amalimira. Abambo atalisanthula m'manja nkhope inasintha. Dothi la kumeneko ndi dongo lolemera, koma pasanathe sabata anali ataunda mizere yowongoka bwino. Munda woyandikana unali wa mzungu wina wokalamba amene sankalima china koma kabichi, ndiye tinangomutcha a Kabichi. Tsiku lina anayang'ana mizere ija nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti tikuika maliro a yani.

Madzulo ena tikudya, abambo anatulutsa zimene zinali kukhosi.

"Nangozo, sokosi ija ndikapita nayo kumudzi idzakwana mizere ingati? Koma nditaidzala kuno kumene mvula sikata, ndingapite ndi thumba lathunthu. Ndingagawireko ndi anzanga."

Ine ndinakana. Ndinati paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, mbewuyo ikhale m'sokosi momwemo mpaka tsiku la ulendo.

"Mbewu siswana m'sokosi," anayankha.

Tinakambirana mpaka ndiwo zinazizira, n'kugwirizana kuti adzale theka, theka likhale. Kunena zoona maganizo awo sanali opusa. Tonsefe tinali titaona mvula ya mu Febuluwale ndi maso athu, ndipo aliyense amadziwa kuti ku England madzi sasowa. Kuti Epulo yense ankadutsa wopanda dontho palibe amene anazilabadira, anthu ankangoyamikira kuti kwacha bwino.

Meyi

Kuno chimene chimalamula mlimi si mvula koma chisanu. Chikangochoka uyenera kudzala msanga, chifukwa miyezi yofunda ndi yochepa ndipo chaka chisanathe chisanucho chimabwereranso. Ndiye Meyi atangolowa, timinda tonse tinadzaza anthu. A Sakala anadzala repu, maungu, ndi chimanga chotsekemera chogula m'paketi.

Pakati pa mwezi kunagwa kamvula masiku angapo. Ndinasinthana ntchito ndi mnzanga kuti ndikathandize kudzala. Titafika abambo anagwada, anakumba mzere ndi dzanja, ananunkhiza dothi, n'kuyang'ana kumwamba.

"Chizimalupsa ichi."

"Bambo, kuno kulibe lupsa. Izimitsa chiyani?"

"Dzina ndi dzina. Yangonyowetsa pamwamba. Taona pansipa."

Pansi panalidi pouma. A Sakala anabwera akupukuta manja m'thalauza.

"Mudala, kuno si kumunzi iyayi. Kuno sitilindila mvula, tiyang'ana calendar. Bzalani manje, pompi ili apo, muzatilila. Mukachedwa muzakolola snow."

"A Sakala," anatero abambo mofatsa, "inu mukaphonya mukagula paketi ina ku shopu. Ine ndikaphonya ndikagula kuti?"

A Sakala, amene sasowa mawu, anangokanda kumutu.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anamaliza abambo, n'kubweza sokosi m'thumba.

Ndinakwiya njira yonse yobwerera. Bambo a Tadala nawo anayesa kuwafotokozera za chisanu, mwaulemu wa mkamwini, koma zinangolowera uku n'kutulukira uku. Chisanu abambo ankachidziwa, cha mu Juni kumapiri, koma sichinawaphereko mbewu ndi kale lonse. Chimene chinawaphera mbewu kawiri m'chaka chimodzi ndi mvula yonama. Munthu anasunga malamulo a mvula moyo wake wonse, mvulayo n'kumutembenukira, ndiye iye anangowagwiritsitsa kuposa kale.

Juni

Kunali mitambo ndi kamphepo kozizira, koma mvula ayi. Abambo m'mawa uliwonse ankakwera basi kukapalira mizere yopanda kanthu. A Kabichi anafika pondifunsa ngati mbewu ya ku Africa imamera cham'kati.

Nkhani za kumudzi tinkazimva pa foni. Pa tauni yapafupi ndi kwathu panali golosale ya munthu wina imene inali ndi foni, ndipo Yohane ankapalasa njinga kukadikira pamenepo Loweruka limene tagwirizana. Munda umene unkadzaza nkhokwe ziwiri, utadzalidwanso mochedwa ndi mbewu yogula, unatulutsa madengu owerengeka. Yohane anagulitsa mbuzi, koma pakuti aliyense ankagulitsa zake, mbuzi inkapita pa mtengo wa nkhuku, pamene chimanga chinkakwera tsiku la msika lililonse. Oyandikana nafe nyumba, banja la a Chimbalanga, anatseka chitseko ndi mtanda n'kupita ku maesiteti a fodya ndi ana omwe. Amayi ena ankalawirira kudambo kukakumba nyika, ija mizu ya maluwa a m'madzi. Kunalinso mphekesera yoti chimanga chachikasu cha chithandizo chimapha mphamvu za abambo m'nyumba, koma Yohane anati amene ankafalitsa zimenezo ndi amene ankayamba kuima pamzere.

Tinkatumiza zimene tikanatha, koma ndalama sumaphika phala ngati pa msika wa boma chimanga palibe. Anthu ankagona pa geti ndi matumba awo. Ife kuno ufa tinkagula pa shopu ya pansi pathu pomwepo, ndipo abambo ankadya ngati akuba, mbamu ziwiri n'kusamba m'manja.

Lamlungu lina pa TV anaonetsa chilala cha kwathu, ng'ombe zoonda ndi ana otupa mimba. Kenako panabwera katswiri wina wa taye kudzafotokoza kuti anthu a kumeneko amadula mitengo ndiponso amabereka kwambiri. Ine ndinkamasulira abambo, koma pamenepo ndinasiya. Bambo a Tadala, amene tsiku limenelo anali pa tchuthi, anazimitsa TV.

"Apongozi, mitengo tikudula, zoona, koma nkhani si yokhayo. Kusukulu kwathu akuphunzitsa kuti utsi wa mafakitale, wa magalimoto, wa malasha amene akhala akuwotcha kuno zaka ndi zaka, wafundika dziko ngati bulangete. Ndiye dziko likutentha. Mpweya ukatentha umamwa madzi ambiri, nthaka imauma msanga. Mvula ikati igwe imakhuthuka yonse nthawi imodzi, kenako zii. Kwina kukusefukira, kwina kukupsa, ndipo nthawi zake zasokonekera."

Abambo anaimirira n'kupita pawindo. Pansipo, pa msewu waukulu, magalimoto anali atatsatana mphuno ndi mchira, ngakhale linali la Mulungu.

"Utsi wa awa?"

"Wa awa ndi anzawo."

"Ukawotche munda wanga ku Bwanje?"

"Kumwamba kulibe malire, apongozi."

"Ine njinga yomwe ndi yopalasa," anatero abambo. Anayang'anabe kanthawi. "Nanga mlandu umenewu umakazengedwa kuti?"

Ine kuyambira tsiku limenelo ndikamva wina akunena kuti anthu a kumudzi akudziphera okha ndi nkhwangwa, magazi amandiwira.

Julayi

Kutentha kunayamba Juni asanathe, ndipo mu Julayi kunafika poipa. Masana ena kumwamba kunada bii, mabingu anagunda, chimvula chinakhuthuka mpaka ngalande za m'misewu zinalephera kumeza. Ndinali kuntchito. Pofika kunyumba ndinapeza abambo atavala kale jekete, khasu lili pakhomo.

"Imeneyi ndiye yodzalira. Wamva fungo lake?"

M'mawa mwake tinadzala, njere zitatu paphando, monga kwathu. Abambo ankaponya ndi dzanja lawo, ine ndikukwirira ndi phazi. Theka linalowa pansi, theka linabwerera m'jekete monga tinapanganira. Tsiku limenelo anaimba nyimbo ya ku tchalitchi m'basi, anthu akuwayang'ana.

Imeneyo inali mvula yomaliza. Dzuwa linabwerera n'kuumitsa dongo lija mpaka kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Mizere yathu yokongola, imene kwathu imasunga madzi, kuno inkangouma msanga kuposa minda yafulati ya anzathu. Mapando ena anamera, ena mmera unalephera kuboola dothi, ena nkhunda ndi agologolo anafukula. Munda unkaoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

Mlimi aliyense wa kwathu akaona mipata amapakiza, amadzalanso pamene sipanamere. Dzanja limachita lokha. Tsiku lina ndikusankha zochapa ndinapeza sokosi ija pakati pa malaya, yomasula, yopanda kanthu.

"Bambo, theka lija lili kuti?"

"Lili kumunda."

"Tinagwirizana chiyani?"

"Ukanaona mipata ija, Nangozo. Munda wotero sindingauyang'ane."

Ndinalowa kubafa n'kutseka chitseko, chifukwa mwana wamkazi sakalipira bambo ake. Kuyambira tsiku limenelo cha Nachisale chonse chimene chinatsala pa dziko lapansi chinali m'mizere ija, pakati pa njanji ndi kabichi.

Ogasiti

Mwezi umenewu ndi umene anzanga a kuno amautcha wabwino. Udzu wa m'mapaki unapsa n'kuoneka ngati dambo la kwathu mu Okutobala. M'sitima za pansi pa nthaka anthu ankakomoka. Kuchipatala kwathu ankabwera nazo nkhalamba zouma kukamwa, zopezeka zitagwa m'nyumba zotseka mawindo. Pa TV ankaonetsa madamu ataphwa, matope atang'ambika, ndipo azungu ankadabwa ngati aona ng'ombe ikuuluka. Ine ndinkangoti mumtima, chaona mnzako chapita. Koma sindinakondwe nazo, chifukwa dzuwa lomwelo linali pa mizere yathu.

Komiti ya timinda inaletsa kuthirira ndi paipi. Pompi inali imodzi, kutali kugeti, ndipo madzi ankatuluka ngati akuchita manyazi. Aliyense ankaima pamzere ndi kheni yake yothirira. Ena anagonja, anasiya nyemba zawo kuti zipse. A Kabichi ankabwera ndi madzi otsukira mbale m'mabotolo kuchokera kunyumba. Mayi wina anagwidwa atabisa paipi pansi pa udzu, ndipo nkhani yake inakambidwa ngati ya mfiti.

Ife tinalibe mwayi wogonja. Abambo ankathirira m'mawa ndi zigubu ziwiri, ine ndikaweruka ndinkasenza ndowa pamutu, nditavala yunifolomu ya unamwino. Ana a m'nyumba zoyandikana ankakwera pampanda kudzaonera. Ndinaphunzira sukulu kuti ndithawe ndowa, ndinawoloka nyanja, ndowayo n'kudzandipeza ku London.

Masiku a abambo okhala m'dziko muno ankathanso mwezi womwewo, diso lachiwiri lisanachitidwe. Tinakwera sitima kupita ku Croydon, ku maofesi oona za alendo, n'kuima pamzere wina padzuwa. Anawaonjezera mpaka kumapeto kwa Okutobala. Pobwerera sanafunse za diso, ankangowerenga pa zala ngati chimanga chidzakhale chitauma.

Ndipo chimanga chija, Mulungu ndi mboni, chinakula. Kutentha kuja chinkakukonda. Masamba anali obiriwira bii, mapesi onenepa ngati nzimbe. Anthu odutsa ankaima kufunsa kuti n'chiyani, abambo n'kumayankha m'Chichewa, akumwetulira.

Seputembala

Mvula imene tinaidikira chilimwe chonse inabwera tsopano, yonse pamodzi, ndi chimphepo chimene chinagwetsa mzere wa m'mphepete. Abambo anaudzutsa n'kuuchirikiza ndi nsungwi za a Kabichi.

A Sakala anali akudya kale chimanga chawo chotsekemera, chachifupi chofika m'chiuno. Chathu chinapitirira denga la kashedi kosungiramo makasu, koma ngayaye, lija duwa la kunsonga, osatuluka. Popanda ngayaye palibe chimanga, ndi udzu chabe. Abambo ankaweramitsa phesi, kusuzumira kunsonga, n'kulisiya.

"Mudala, ici cimanga canu cifuna kufika kumwamba kuli Yesu?" anaseka a Sakala, koma ataona nkhope ya abambo analeka.

Bambo a Tadala anakafunsa kwa anzawo ophunzira zaulimi. Anawauza kuti chimanga cha kwathu chimazolowera usana ndi usiku zofanana. Kuno m'chilimwe dzuwa limalowa anthu atadya kale chamadzulo, ndiye chimangacho chimangokula, kudikira kuti masiku afupike kenako chimasule. Atawafotokozera, abambo anaseka kwa nthawi yoyamba mwezi umenewo.

"Nachonso chikudikira nthawi yake. N'changadi chimenechi."

Kumudzi nthawi imeneyo nkhokwe zinali zitagona pansi. Yohane anati amayi akuphika madeya, ana akudya kamodzi patsiku, ndipo iye wayamba maganyu ososa m'minda ya ena m'malo mwa wake. Anafunsa ngati n'zoona zimene abambo anauza amayi, kuti abwera ndi thumba la mbewu. Anati a m'mudzi amva, ndipo ena ayamba kale kudzapempha kuti adzawakumbukire.

Okutobala

Ngayaye zinatuluka mwezi utangoyamba, kenako ndevu, zofiira ndi zoyera. Okutobala ameneyo anali wofunda modabwitsa. A Kabichi anati chibadwire sanaone mwezi umenewu anthu akuyenda opanda majuzi. Ine ndinayamba kukhulupirira kuti nyengo yosokonekerayi mwina itibwezera ndi dzanja lina chimene inatilanda ndi linzake. Phesi lililonse linabereka, ena ziwiriziwiri.

Diso lachiwiri analichita, ndipo tsiku la ulendo linafika chimanga chikadali chanthete. Dzulo lake tinapita kumunda. Abambo anayenda mzere ndi mzere, akugwira chilichonse ngati akutsazika anthu.

"Nangozo, tamvera. Usathyole n'chimodzi chomwe, ngakhale Tadala alire. Udikire makoko ayere. Potonola utaye za kunsonga ndi za kutsinde, usunge za pakati. Upeze munthu wobwera kumudzi Khirisimasi isanafike. Ine munda wonse ndidzala cha m'mapaketi, koma pachulu paja ndisiya. Pamenepo ndi pa Nachisale."

Pachulu ndi pamene pali nthaka yabwino kuposa pena paliponse m'munda mwathu.

"Bambo, nanga chisanu chikabwera?"

Anayang'ana kumwamba ndi maso awo atsopano. Kunali kowala, kofunda.

"Chakhala chikubwera liti chaka chino chinthu pa nthawi yake?"

Novembala

Chinabwera pa nthawi yake. Chinthu chokhacho m'chaka chonse.

Ndinadzuka m'mawa wina n'kuona magalimoto pa msewu atayera mbuu, anthu akupala magalasi. Sindinamwe n'tiyi yemwe. Pofika kumunda dzuwa linali litatuluka, ndipo masamba onse anali atalendewera, akuda, ngati wina wawathira madzi otentha. Kabichi wa a Kabichi anali chiimire, wosekerera.

Ndinasenda chimodzi. Njere zinalipo, mizere yake yowongoka bwino, koma zinali ngati matuza. Ndikatsina ndi chikhadabo munkatuluka madzi oyera. Ndinasenda china, n'china, mpaka ndinasiya. Zinkafunika milungu ina ya dzuwa, milungu yomwe ija inathera kupalira mizere yopanda kanthu mu Meyi ndi Juni.

A Sakala anandipeza nditakhala pansi pa dothi lozizira. Sananene kuti ndinanena ine. Anangovula chipewa.

"Pepani amake Tadala. Tiyeni tinyamule, kapena vina vizauma pa heater."

Tinathyola zonse n'kukwera nazo basi m'matumba akuda a zinyalala. Ndinaziyanika pa hita m'zipinda zonse ziwiri, nyumba n'kumanunkha chimanga chowola. Njere zinafota n'kutsala makoko okhaokha. Ndinasankha zooneka bwinoko, ndinaziika pa thonje lonyowa m'mbale pafupi ndi windo kuti ndione ngati zingamere. Zinachita nkhungu. Ndinayesanso ndi zina, zinachitanso nkhungu.

Ndinakwiyira abambo chifukwa cha kudikira kwawo, kenako ndinaona kuti kuwakwiyira n'kulakwa. Anadzala msanga kwawo, dzuwa linawalanga. Anadikira kuno, chisanu chinawalanga. Amene anasokoneza kumwamba anali m'magalimoto awo pa msewu, atayatsa hita, akudandaula kuti chilimwe chabwino chatha.

Disembala

Loweruka limene tinapangana ndinaimba ku golosale kuja. Mwini wake anayankha mokuwa, anati ndidikire, akuwaitana pakhonde. M'foni munali chiphokoso chachikulu, ndipo ndinaganiza kuti ndi waya wawonongeka, mpaka ndinafuna kudula kuti ndiimbenso. Kenako ndinazindikira kuti ndi mvula pa malata.

"Nangozo!" Abambo ankachita kufuula. "Ukuimva?"

"Ndikuimva, bambo."

"Sabata yonse ikugwa chonchi, yofatsa, yolowa pansi. Ndakumba mpaka chigongono, ndi madzi okhaokha. Yotere sinagwe chimwalirire agogo ako. Munda wonse wamera. Pachulu ndaunda kale, pakungodikira. A Chimbalanga abwerako ku esiteti, nawonso asiya mizere iwiri. Watumiza ndi ndani?"

Ndinawauza. Ndinanena za chisanu, za matuza, za hita, za thonje. Sindinabise kanthu ndipo sindinakometse.

Ndinkangomva mvula ija ikugwa pa malata a golosale, mvula yeniyeni yodzalira, imene sokosi imodzi ija ikanakwanira.

"Bambo, mukundimva?"

"Ndikukumva." Mawu anali atatsika, ndinachita kukanikiza foni kukhutu. "Palibe n'imodzi yomwe?"

"Palibe, bambo."

"Chabwino, mwanawe. Pita ukapume. Ndipite ndikawauze a Chimbalanga asadikire."